Nyumba ya mitengo ndi dongo yomwe yakana kugwa

Kumpoto kwa mapiri a Harz, chapakati pa dziko la Germany, kuli mzinda waung'ono wotchedwa Quedlinburg. Kuchokera ku likulu la dzikolo, Berlin, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200 pamsewu. Mumzindamu mumakhala anthu pafupifupi 23,000, ndipo mtsinje wa Bode umadutsa chapafupi. Munthu amene adazolowera Ulaya wa pazithunzi, wa nyumba zitalizitali za magalasi ndi zitsulo, amadabwa akafika kumeneko. Mzindawu uli ndi nyumba zoposa 2,000 zomangidwa ndi mitengo, zina zophomedwa ndi dongo, zina zotsekedwa ndi njerwa, ndipo zambiri mwa izo anthu akugonamo, kuphikamo ndi kugulitsiramo malonda mpaka lero.

Mphindi zochepa kuchoka pabwalo la msika, m'kanjira kotchedwa Wordgasse, pa nambala 3, pali nyumba yomwe mlendo angaidutse osaicheukira. Ndi yaing'ono, ya chipinda chapansi ndi chapamwamba, mawindo ake ndi ang'onoang'ono, denga lake ndi lotsetsereka kwambiri, ndipo ilibe zosemasema zokongoletsa ngati zinzake. Koma mitengo yomwe yanyamula nyumbayi idadulidwa cha m'ma 1346 ndi 1347. Pa nthawi imeneyo mzinda wamiyala wa Great Zimbabwe udali pachimake cha ulemerero wake, ndipo mliri waukulu womwe udapulula anthu miyandamiyanda ku Ulaya udali utangotsala pang'ono kufika.

Mlimi aliyense amene adamangapo nyumba ya nsichi ndi matope amadziwa kuti nyumba yotere imatopa pakangopita zaka zowerengeka. Nanga iyi yatha bwanji zaka zoposa 670 ili chiimire? Yankho lake lili mbali ziwiri: luso la amene adaimanga, ndi khama la mibadwo yomwe yakhala ikuisamala ndi kuitchinjiriza.

Mzinda wa mafumu, amalonda ndi alimi a mbewu

Dzina la Quedlinburg lidalembedwa koyamba m'chaka cha 922, m'kalata ya Mfumu Heinrich Woyamba. Mfumuyi itamwalira mu 936, idaikidwa pachitunda chamwala chomwe chimayang'anira mzindawu, ndipo mkazi wake, Mathilde, adakhazikitsa pamenepo nyumba ya chipembedzo ya amayi a m'mabanja olemekezeka. Amayi otsogolera nyumbayi adalamulira deralo kwa zaka zoposa 800, mpaka 1802. Mu 994 Mfumu Otto Wachitatu idapereka chilolezo chokhazikitsa msika, kusula ndalama ndi kutolera msonkho, ndipo amalonda ndi amisiri adachulukana m'munsi mwa chitundacho.

Mwala udali wa matchalitchi, wa malinga ndi wa nyumba za olamulira. Wosoka nsapato, wophika buledi, wofulula mowa ndi wowomba nsalu ankamanga ndi zomwe zidali pafupi: mitengo ya m'nkhalango, dongo la m'deralo ndi mapesi a m'munda. Choncho tchalitchi chachikulu cha pachitunda chimanena mbiri ya mafumu, pomwe nyumba za m'munsi zimanena mbiri ya anthu wamba.

Mapiri a Harz amatchinga mitambo yochokera kumadzulo, kotero Quedlinburg amalandira mvula yochepa, yosafika mamilimita 500 pachaka, pamene nthaka yake ndi yachonde. Nyengo yotere imathandiza kuti njere zikhwime ndi kuuma bwino. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1800 mzindawu udatchuka ndi ulimi wochulukitsa mbewu. Makampani monga Gebrüder Dippe ankagulitsa kumayiko ambiri njere za ndiwo zamasamba, za maluwa ndi za beet, chomera chomwe kumeneko amapangira shuga m'malo mwa nzimbe. Kuyambira 2008, likulu la Julius Kühn-Institut, bungwe la boma lofufuza za mbewu, lili mumzinda womwewu. Nyumba zatsopano za nthawi ya chuma cha mbewuyo zidamangidwa makamaka kunja kwa malinga akale, ndipo pakati pa mzinda padatsala monga padaliri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mwayi udaugweranso. Mzinda woyandikana nawo wa Halberstadt, womwe udali ndi nyumba zambiri zamitengo, udapsa ndi mabomba mu Epulo 1945, koma Quedlinburg adapulumuka.

Mafupa a nyumba

Mamangidwe amenewa Ajeremani amawatcha Fachwerk. Mfundo yake ndi yakuti kulemera konse kwa nyumba kumanyamulidwa ndi chimango cha mitengo, monga mafupa amanyamulira thupi. Dongo kapena njerwa zimangotseka mipata kuti mphepo ndi chisanu zisalowe. Munthu atha kugumula dongo lonse, nyumba n'kutsala chiimire.

Nyumba ya pa Wordgasse 3 imadziwika ndi dzina lakuti Ständerbau, kutanthauza nyumba ya nsanamira. Nsanamira iliyonse ndi mtengo umodzi wosadukiza, wochokera pansi kukafika kudenga. Pofuna kupanga chipinda chapamwamba, mmisiri ankaboola nsanamirazo chapakati, n'kusema nsonga ya mtanda kuti ikhale ngati lilime. Lilimelo ankalilowetsa pabowo mpaka litulukire kunja kwa khoma, kenaka n'kulikhoma ndi chikhomo cha mtengo kuti lisabwerere. Woima mumsewu amatha kuona malilime ndi zikhomozo zitandandalika pakhoma. Mfundo zotere sizidalira misomali yachitsulo, yomwe pa nthawiyo idali yodula. Zimalolanso nyumba kusuntha pang'ono pamene mitengo ikufufuma ndi chinyezi kapena kunyala ndi dzuwa, popanda kuthyoka.

Kawirikawiri amisiri a nyumba zotere sankasemera mitengo pamalo omangapo. Ankayala chimango chonse pabwalo lawo, n'kuyesa mfundo iliyonse, ndipo mtengo uliwonse ankaudinda chizindikiro chosonyeza malo ake. Zizindikirozi zimaonekabe pa nyumba zambiri zakale. Tsiku loimika, abale ndi anansi ankabwera kudzathandiza kukweza mitandayo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mpaka lero ku Germany, chimango cha denga chikatha, mwini nyumba amakonza phwando lotchedwa Richtfest pothokoza amisiri.

Chimango chikaima, m'mipata yake ankaimikamo timitengo tolimba, n'kulukamo nthambi zofewa monga alukira nkhokwe. Kenaka ankaponda dongo losakaniza ndi mapesi oduladula, n'kuphoma mbali zonse ziwiri. Mapesiwo amagwira dongo kuti lisang'ambike pouma. Pomaliza ankapaka laimu. Mayi amene adaphomapo nyumba kapena khola ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia angaizindikire ntchito imeneyi popanda womufotokozera.

Mtengo umanena zaka zake

Kodi akatswiri adadziwa bwanji chaka chomwe mitengo ya nyumbayi idadulidwa? Munthu akayang'ana chitsa amaona mizere yozungulira. Kumayiko ozizira, komwe mitengo imaleka kukula m'nyengo yachisanu, mzere uliwonse ndi chaka chimodzi. Chaka cha nyengo yabwino chimasiya mzere wonenepa, chaka cha chilala kapena chisanu choopsa chimasiya woonda. Mitengo ya mtundu umodzi ya m'dera limodzi imakhala ndi ndondomeko yofanana ya mizereyi. Polumikiza ndondomeko za mitengo ya lero, ya m'nyumba zakale ndi yofukulidwa pansi, akatswiri adapanga kalendala yobwerera m'mbuyo zaka mazanamazana. Amaboola mtanda pang'ono, n'kutulutsa kachidutswa konga pensulo, n'kuyerekeza mizere yake ndi kalendalayo. Ngati mzere womaliza wa pansi pa khungwa ulipo, chaka chodulira mtengowo chimadziwika. Popeza amisiri akale ankasema mitengo ikadali yaiwisi, chaka chodulira chimayandikana kwambiri ndi chaka chomangira.

Kwa nthawi yaitali nyumba ya pa Wordgasse inkatengedwa kuti ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba zonse zamitengo m'dzikolo. Kafukufuku wa mizere yemweyu adadzaonetsa kuti pali zina zoiposa, m'mizinda ina ngakhalenso mu Quedlinburg momwemo, zomwe ukale wake udabisika ndi pulasitala ndi zosintha za m'mibadwo yotsatira. Izi sizidaichotsere ulemu, chifukwa ndi imodzi mwa nyumba zochepa zomwe mamangidwe oyambirirawo amaoneka bwinobwino. Zidakumbutsanso akuluakulu a mzindawu kuti nyumba yooneka yachabechabe itha kusunga mbiri yaikulu, ndipo si bwino kuigwetsa isadafufuzidwe.

Kuwerenga mibadwo m'misewu

Woyenda pansi kuchoka pa Wordgasse kulowera m'misewu yoyalidwa miyala amaona mmene lusoli lidasinthira. Nyumba ya nsanamira idali ndi malire ake, pakuti sikadatalika kuposa mtengo womwe wapezeka m'nkhalango. Pofika zaka za m'ma 1400, amisiri adazolowera kumanga nsanjika iliyonse payokha, ina pamwamba pa inzake. Njirayi inkafuna mitengo yaifupi, yosavuta kupeza ndi kunyamula. Nsanjika yapamwamba ankaitulutsa pang'ono kunja kuposa yapansi. Potero chipinda chapamwamba chinkakula popanda kudya msewu, ndipo khoma lapansi linkatetezeka ku mvula.

Chuma chitakula, kukongoletsa kudakulanso. Nyumba za m'ma 1500 zili ndi zosema zonga dzuwa lotuluka, ndipo za m'ma 1600 zili ndi mitu ya mitanda yosongoka mbali zinayi, chizindikiro chomwe mzindawu umadziwika nacho. Pamitanda yakutsogolo eni nyumba ankalembapo mayina awo, chaka chomangira ndi mawu opempha madalitso, ndipo amisiri ena ankasiyapo zilembo za mayina awo. M'munsi mwa chitunda muli nyumba yomwe mlakatuli Friedrich Gottlieb Klopstock adabadwiramo mu 1724. Pafupi ndi msika pali kabwalo ka Schuhhof, ka tinyumba topanikizana ta osoka nsapato. Paphiri la Münzenberg anthu osauka adamanga tinyumba tawo m'mabwinja a nyumba yakale ya masisitere. Olemera ndi osauka onse adasiya mbiri yawo m'mitengo.

Mdani wamkulu ndi madzi

Kalekale anthu a ku Ulaya nawonso ankakumba maenje n'kuzika nsanamira m'nthaka. Nyumba zotere zinkaola kumapazi, ndipo mbadwo uliwonse unkamanga zake. Kusintha kwakukulu kudadza cha m'ma 1100 ndi 1200, pamene amisiri adayamba kuika maziko amiyala, n'kugoneka mtanda pamwamba pake, nsanamira n'kuima pamtandapo. Mtengo utachoka m'dothi, moyo wa nyumba udatalika kuchoka pa zaka makumi kufika pa zaka mazana. Nzeru yake ndi yomweyo ya mlimi amene amakhazika nkhokwe pamiyala kuti chinyontho chisakwere.

Mtengo wouma suola. Bowa wowoletsa matabwa ndi tizilombo tofumbula mitengo zimakonda pachinyezi. N'chifukwa chake denga losadontha, ngalande zotaya madzi a padenga kutali ndi khoma, ndi maziko okwera ndizo zimasunga nyumba. Dongo nalo limathandiza. Limayamwa chinyezi kuchoka kumtengo n'kuchitulutsira kumphepo, ndipo laimu salitsekereza kupuma.

M'zaka za m'ma 1900 nyumba zambiri zamitengo ku Ulaya zidaonongeka ndi anthu omwe ankati akuzikonza. Ankazipaka pulasitala wa simenti ndi penti wosalowa madzi kuti zioneke zamakono. Koma mtengo umasuntha pomwe simenti ndi youma gwa, choncho pamalumikiziro pamabwera timing'alu. Mvula imalowera pamenepo n'kusowa potulukira, ndipo mtanda umaola mwakachetechete kuseri kwa khoma losalala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amisiri odziwa ntchito masiku ano amachotsa simentiyo n'kubwezeretsa dongo ndi laimu.

Kukonza koyenera kumatsata lamulo limodzi: sunga chakale chilichonse chomwe chikadali ndi mphamvu. Phazi la nsanamira likaola, mmisiri amachirikiza nyumba, amadula poola pokhapo, n'kulumikizapo mtengo watsopano wa mtundu womwewo. Dongo lakale lomwe lagumuka amalinyika m'madzi, n'kulipondanso, n'kulibwezera pakhoma. Nyumba yotere idapangidwa kuti izikonzedwa chiwalochiwalo, ndipo ndicho chinsinsi china cha kukhalitsa kwake.

Zaka za kunyalanyazidwa

Chomwe nkhondo idalephera kuchita, kunyalanyaza kudatsala pang'ono kuchikwaniritsa. Kuchokera mu 1949 mpaka 1990 Quedlinburg adali m'dziko la East Germany. Boma la kumeneko lidasunga lendi ya nyumba zakale pamlingo wa mu 1936. Kwa alendi zidali zokoma, koma ndalama zomwe mwini nyumba ankalandira sizinkakwana ngakhale kukonzera denga. Zipangizo ndi amisiri zidapita kukamanga midadada ya nyumba zakonkire kunja kwa mzinda, zomwe zidali ndi mabafa, zimbudzi zam'kati ndi zotenthetsera m'nyengo yachisanu. Mabanja ambiri adasamukira kumeneko mokondwa, ndipo palibe angawadzudzule, chifukwa nyumba zakale zambiri zidali zozizira, zachinyezi, zimbudzi zili pabwalo.

Nyumba yopanda munthu imafa msanga. Tailosi limodzi likasweka padenga palibe woliona. Madzi amadontha pamtanda chaka ndi chaka mpaka khoma lipendekeke. M'zaka za m'ma 1960 padali mapulani ogwetsa mbali yaikulu ya mzinda wakalewo kuti pamangidwe nyumba zamakono, koma ndalama zochitira zimenezo zidasowa. Umphawi womwe unkaoletsa nyumbazi ndi womwenso udazipulumutsa ku makasu a ogumula.

Sikuti onse adagona. Nyumba ya pa Wordgasse, yomwe anthu adakhalamo mpaka zaka za m'ma 1960, idakonzedwa, ndipo mu 1976 idatsegulidwa kukhala malo oonetserako mbiri ya mamangidwe a Fachwerk. M'kati mwake mlendo amaona zitsanzo zing'onozing'ono za nyumba za mibadwo yosiyanasiyana ndi mitundu ya mfundo zolumikizira mitengo. Kuyambira m'ma 1970 amisiri ochokera mumzinda wa Toruń ku Poland adathandiza kukonza nyumba zina zofunika. Koma zokonzedwazo zidali zochepa poyerekeza ndi zomwe zinkaola. M'zaka za m'ma 1980 nyumba za m'misewu ina ya kumpoto kwa mzinda wakale zidagwetsedwa, pamalo pake n'kumangapo zakonkire. Mu 1989, pamene anthu a ku East Germany adadzaza misewu kufuna kusintha kwa ndale, nzika za Quedlinburg zidaonjezapo dandaulo lawolawo, lakuti kugwetsa nyumba kuleke. Ulamulirowo utagwa, kugumulako kudaima.

Lamulo, ndalama ndi luso

Mayiko awiri a Germany atagwirizana mu 1990, ntchito yopulumutsa mzindawu idaima pamiyendo itatu ngati mafuwa.

Loyamba ndi lamulo. Chigawo cha Sachsen-Anhalt, momwe muli Quedlinburg, chidakhazikitsa lamulo loteteza zinthu zakale mu 1991. Nyumba ikalembedwa m'kaundula, imakhalabe ya mwini wake, ndipo atha kuigulitsa kapena kuisiyira ana. Koma ali ndi udindo woisamala monga momwe angathere, ndipo sangaigwetse, kusintha mawindo kapena kukonza denga mwa njira ina popanda chilolezo cha ofesi yoona za nyumba zakale. Chitetezochi chimakhudzanso maonekedwe a msewu wonse, chifukwa nyumba imodzi yosayenera imaononga zinzake khumi. Mu Disembala 1994 bungwe la UNESCO lidaika tchalitchi, nyumba yachifumu ndi mzinda wakale wa Quedlinburg, malo oposa mahekitala 80, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ndi mndandanda womwewo pomwe Great Zimbabwe adalembedwa mu 1986, chilumba cha Mozambique mu 1991, ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006.

Lachiwiri ndi ndalama. Lamulo lopanda thandizo likadangokhala mtolo pamutu pa eni nyumba. Kuyambira 1991 boma lalikulu, chigawo ndi khonsolo adasonkherana ndalama zothandizira kukonza mizinda yakale ya kummawa kwa dzikolo. Mwini nyumba amene wakonza motsata malangizo amachotseredwanso gawo la msonkho kwa zaka 10 kapena 12. Bungwe loima palokha la Deutsche Stiftung Denkmalschutz, lomwe lidayamba mu 1985 ndipo limadalira kwambiri zopereka za anthu, lidathandiza nyumba zambiri mumzindamu. UNESCO imapereka ulemu ndi kuyang'anira, koma ndalama zokonzera zimachokera kwa eni dziko ndi eni nyumba.

Lachitatu ndi luso. Patapita zaka makumi anayi za konkire, amisiri odziwa kusema mfundo zakale ndi kuponda dongo adali atachepa. Mu 1999 bungwe lomwe lija lidatsegula ku Quedlinburg sukulu yoyamba yotchedwa Jugendbauhütte, momwe anyamata ndi atsikana a zaka 16 mpaka 26 amadzipereka kwa chaka chimodzi kugwira ntchito pa nyumba zakale pansi pa amisiri. Ena mwa iwo amapitiriza n'kukhala akalipentala, omanga ndi akatswiri ojambula mapulani. Njirayi idafalikira m'madera ena a dzikolo. Mu 2002 mudakhazikitsidwanso Deutsches Fachwerkzentrum, malo ofufuza ndi kulangiza eni nyumba za kakonzedwe koyenera. Luso lomwe anthu ankaliona ngati lachikale lidasanduka ntchito yopatsa malipiro. Mawu a akulu akoma akagonera.

Mtolo womwe udakalipo

Woyenda mumzindamu lero amaona misewu yambiri yowala, makoma opakidwa mitundu yofiirira, yachikasu ndi yoyera, maluwa ali m'mawindo. Koma akapatuka m'tinjira ta kuseri amapezabe nyumba zotsekedwa ndi matabwa, zochirikizidwa ndi mitengo, zikudikira wozimvera chisoni. Pambuyo pa 1990 mafakitale ambiri adatsekedwa ndipo achinyamata adapita kukafuna ntchito kwina. Mzinda wa anthu ochepa uli ndi nyumba zakale zochuluka kuposa mabanja ofuna kukhalamo.

Kukonza nyumba yotetezedwa kumadya ndalama ndi nthawi. Zovuta zina zimaoneka pokhapokha khoma litatsegulidwa. Mwini nyumba amafuna mawindo otsika mtengo ndi makoma osunga kutentha kuti achepetse ndalama zotenthetsera, pomwe ofesi ya zakale imafuna kuti nkhope ya nyumba isasinthe. Mikangano yotere imatha pokambirana, mwachitsanzo poika zotchinga chisanu m'kati mwa khoma m'malo mwa kunja, kapena poonjezera windo lachiwiri kuseri kwa lakale. Zipinda zazifupi ndi makwerero opapatiza zimavutanso okalamba ndi olumala.

Alendo odzaona malo abweretsa ntchito m'mahotela, m'malo odyera ndi m'masitolo. Koma walira mvula walira matope. Nyumba zikasanduka zogona alendo a masiku awiri, msewu umakongola koma umasowa ana opita kusukulu ndi anansi odziwana. Nyumba ya pa Wordgasse idapulumuka posanduka malo oonetsera zakale, koma mzinda sungasandutse nyumba 2,000 kukhala zoonetsera. Zambiri zidzapulumuka pokhapokha ngati muli banja lomwe limamva denga likayamba kudontha usiku.

Zomwe nyumbayi ikunena kwa omanga ndi dothi

Sizonse za ku Quedlinburg zomwe zingatengedwe n'kuikidwa kwina. Kumeneko chiswe si vuto, pomwe kumayiko otentha chimatha nsanamira m'nyengo imodzi. Mvula yawo ndi yochepa ndiponso yowaza, yosiyana ndi yamkuntho yomwe imakokolola makoma m'chigwa cha Shire kapena cha Zambezi. Mitengo yolimba yomangira nayo yasowa m'madera ambiri a kummwera kwa Africa, ndipo boma la Germany lili ndi chuma chomwe maboma ambiri alibe.

Komabe mfundo zazikulu n'zosafuna ndalama zambiri. Mtengo usakhudze dothi. Denga litulukire kunja mokwanira, ndipo khonde likwezedwe kuti madzi asagunde khoma. Pong'ambika pamatidwe msanga, ndi zinthu zofanana ndi zomwe adamangira. Mmisiri wachikulire asapite ndi nzeru zake kumanda popanda wachinyamata amene waphunzira pambali pake. Alangizi a chitukuko amene amayenda m'midzi atha kuthandizapo pongofunsa kuti m'mudzimo ndani amadziwabe kufolera udzu wosadontha, kuluka nkhokwe yolimba kapena kusankha dothi labwino lophomera, ndipo ndani akuphunzira kwa iye.

Palinso nkhani ya ulemu. M'madera ambiri nyumba ya dothi imatengedwa ngati chizindikiro cha umphawi, chinthu choti munthu achichoke akangopeza ndalama ya njerwa zootcha ndi malata. Kufuna nyumba yabwino ndi ufulu wa aliyense, monga momwe mabanja a ku Quedlinburg adafunira mabafa ndi zipinda zofunda. Koma mbadwo womwe udathawa nyumba zamitengo udatsatidwa ndi wina womwe udaima pamsewu kuti zisagwetsedwe. Mudzi, tauni kapena mpingo womwe uli ndi sitolo yakale, sukulu yoyamba, nyumba ya mfumu kapena bwalo la milandu uchita bwino kukhala pansi n'kukambirana chomwe ukufuna kusiyira adzukulu, zinthuzo zisadagwe zokha.

Nyumba ya pa Wordgasse 3 sidamangidwe kuti ikhale chikumbutso. Idali yogonamo anthu a m'tauni, yomangidwa ndi nkhwangwa, kasemasema ndi manja opaka matope. Yafika m'nthawi yathu chifukwa m'badwo uliwonse mudapezeka wina wokwera padenga kukabwezera tailosi, wina wodula phazi loola la nsanamira, ndi wina wokana pamene ena adati igwetsedwe.